Chikole cha Nachesi

Anyamata a kumtunda kwa Ligowe ankadziwa chochita akafuna kutomera mtsikana. Ankapita kusitolo, kugula mpango wamaluwamaluwa kapena ndolo zonyezimira, n'kukapereka ngati chikole. Mtsikana akalandira ndi manja ake, mudzi wonse unkadziwa kuti pakhomo pamenepo malo atha. Koma Lameki, mnyamata wa ku Chifunga, anafika kwa Dailesi atanyamula chitini chadzimbiri. M'chitinimo munali kamtengo kowonda ngati mwendo wa nkhuku.

"Nanga ichi n'chiyani, a Lameki?" anafunsa Dailesi.

"Nachesi."

"Maso ndili nawo, ndikuona kuti ndi nachesi. Ine ndikufunsa chikole changa."

"Chikole chake n'chomwechi. Mpango umasuluka, Dailesi, ndolo zimagwera m'chitsime. Koma aka ukakasamala, ana athu adzakwera n'kumatiponyera zipatso pansi."

Dailesi anaseka mpaka misozi. "Ana athu! Ukwati sunachitike n'komwe, inu mwayamba kale kukweza ana mumtengo?"

Anaseka, inde, koma chitinicho analandira, ndi manja awiri, atagwada. Madzulo omwewo anabzala kamtengoko kuseri kwa khitchini ya mayi ake, a Falesi, pamalo pamene ankatayira madzi otsukira mbale. Chitini anachikoleka pampanda, akuti adzaonetse adzukulu. Mtsikana amene sankakumbukira pamene wasiya chipande tsopano ankakumbukira kuthirira mtengo m'mawa ndi madzulo, osaphonya.

Monga mwa mwambo, a Falesi anapatsa Lameki munda woti aonetse khasu lake asanaloledwe kumanga nyumba pamudzipo. Mundawo unali pamtsetse, kumtunda kwenikweni kwa nyumba yawo. Apa m'pamene anthu anayamba kukanda m'mutu. Mapesi amene aliyense amawotcha, iye ankawakwirira. Misuku imene mkamwini wanzeru akanaigwetsa tsiku loyamba kuti apongozi amve nkhwangwa ikulira, iye anaisiya ili chiimire. Ankayenda m'makola a eni n'kumapempha ndowe za mbuzi, mwaulemu wonse, ngati akupempha mchere. Anyamata akayatsa tchire kuti asake mbewa, iye ankathamanga ndi nthambi yaiwisi kukazima, iwo akumutukwana kumbuyo. Sipanapite nthawi, dzina loti Lameki linaiwalika. Anasanduka Mtolandowe.

Matendawo anapatsira Dailesi. Kunkhuni ankadutsa mitengo yaiwisi n'kumafunafuna zouma zokha mpaka anzake kutopa kumudikira. Akatha kuphika ankasolola zikuni n'kuzizima kuti adzakolezenso mawa. Phulusa ankapita nalo kumunda. A Falesi poyamba ankang'ung'udza kuti mwana wawo wadyetsedwa mankhwala, koma ataona kuti mtolo umodzi wa nkhuni wayamba kukhalitsa pakhomo, anasiya nyimboyo. Amayi ena apafupi nawonso anayamba kuzima zikuni, koma mobisa, kuopa kutchedwa akazi a Mtolandowe.

* * *

Munthu mmodzi yekha sankaseka nawo nkhani ya chikole cha nachesi. Ameneyu anali Gerishon, mkulu wa anyamata a chipani ovala malaya ofiira. Dziko linali litangolandira ufulu, chipani chinali chimodzi, ndipo kumidzi yakutali ngati kuno chipanicho chinkayenda ndi miyendo ya Gerishon. Anakulira pamodzi ndi Dailesi, ndipo mumtima mwake anali atamutenga kale, mwini wake osamufunsa.

Tsiku la msika Dailesi anamupeza polowera akufunsa makhadi a chipani. Nkhalamba ina inali itaiwala lake kunyumba. Gerishon anaiwomba khofi mpaka chipewa chinauluka, kenako anaponda dengu lake la tomato ndi nsapato zonse ziwiri. Atacheuka n'kuona Dailesi anamwetulira, madzi a tomato akadali m'nsapato.

"Dailesi, mwana wa a Falesi! Iwe khadi sindikufunsa, ndiwe wakwathu." Anasolola m'thumba mpango wobiriwira wa maluwa oyera. "Uwu wandikhalira m'thumba kalekale. Landira."

"Pepani, a Gerishon. Ine ndinalandira kale."

"Unalandira chiyani? Nkhuni?"

"Zomwe ndinalandirazo zinandikwana."

"Kodi ukudziwa kuti ndi atsikana angati pamsika pano amene angagwade ndikangoutulutsa mpangowu?"

"Ndiye mukuchedwerenji ndi ine? Apatseni, asatope kudikira."

Gerishon anamugwira pamkono n'kuupotokola. Mikanda ya padzanja inaduka n'kumwazikira m'fumbi. Anthu onse a pamsika mwadzidzidzi anapeza choti ayang'ane kwina.

"Ndamva kuti Mtolandowe wakoyo wayamba kukhoma zikhomo m'munda mwa mayi ako," ananong'ona. "Zikhomo ndi chingwe, eti? Ukudziwa dzina la zimenezo?"

"Akutchinga madzi basi. Ndisiyeni, mukundipweteka!"

"Kafunse amalume ako. Pakamwa pawo usafunsepo, kafunse dzanja lawo."

Anamukankha. Dailesi anasiya mikanda yake pansi, anasiya ndi mchere umene anabwerera, n'kuyamba kuthamanga.

* * *

Dzina limene Gerishon ankanena linali malimidwe. Amene munabadwa mochedwa simungamve kulemera kwa mawu amenewa. Nthawi ya atsamunda makapitawo ankabwera m'midzi ndi chingwe ndi zikhomo, n'kumakakamiza anthu kuunda migula, mizere ikuluikulu ija yopingasa phiri. Wokana ankakwapulidwa, wina kumangidwa. Kaya migulayo inkathandiza kaya ayi, palibe ankafunsa. Chakudya chokudyetsa ndi chikoti sichikoma ngakhale chikhale uchi. Ufulu utabwera anthu anagumula migula akuimba nyimbo, ndipo mawu oti malimidwe anasanduka mwano. Munthu wowakonda ankatchedwa kapirikoni, kutanthauza wogulitsa dziko.

A Zefaniya, mlongo wa a Falesi, ndiwo anali ndi mawu omanga kapena kumasula ukwati wa Dailesi. Iwo anali mmodzi wa okana aja. Anazula zikhomo m'munda mwawo masanasana, ndipo asilikali a mtsamunda anaika dzanja lawo lamanja pachitsa n'kuliphwanya ndi nyundo yokhomera zikhomo zomwezo. Zala zinauma zitapindika. Munthu wamkulu wotere ankadya ndi dzanja lamanzere ngati mwana wosalangizidwa, ndipo pamaliro ankadyera payekha chifukwa cha manyazi.

Dailesi anathamanga ndithu, koma mawu a Gerishon anali atamupitirira kale. Anapeza amalume ake ali m'munda, Lameki atagwada patsogolo pawo, chingwe chili m'manja.

"Wakutuma ndani?" anabangula a Zefaniya.

"Palibe wandituma, amalume. Mundawu ndi wotsetsereka. Mvula ikabwera…"

"Ndati wakutuma ndani! Mzungu uti wakupatsa chingwe chimenecho?"

"Chingwechi ndapota ndekha ndi khonje, amalume."

A Zefaniya anatola mpini wa khasu ndi dzanja lawo lamanzere n'kumumenya nawo paphewa. Lameki sanatchinge. Anamenyanso, n'kumenyanso, mpaka Dailesi anadziponya pakati pawo.

"Amalume, mupha munthu!"

"Munthu? Ameneyu ndi munthu?" Anatukula dzanja lopindika lija pamaso pa Lameki. "Taona, iwe! Ndinapereka ichi kuti zikhomo zichoke pamudzi pano. Iwe ukubwera kudzapempha mbumba yanga, n'kundibzalira zikhomo pamutu pa nyumba ya mlongo wanga?"

Maso awo anadzaza misozi. Musawaone ngati munthu woipa a Zefaniya. Anali munthu wopwetekedwa, ndipo bala lawo linali lisanapole.

"Gumula," anatero atapuma. "Ukagumula migula yonseyi, n'kugwetsa misuku iyi ngati mwamuna, Dailesi ndi wako. Ukakana, tenga chitini chako uzipita kwanu."

* * *

Dzuwa litapendeka Dailesi anatenga ndowa ngati wopita kukatunga madzi. Anapeza Lameki kukhwawa akuthira madzi paphewa lotupa.

"Gumulani, a Lameki. Chonde. Ndi dothi chabe."

"Dothi chabe?"

"Inde. Kodi ine ndi migula, chachikulu n'chiti?"

"Usandifunse choncho, Dailesi."

"Ndafunsa kale. Yankhani."

Lameki anayang'ana madzi. Atayamba kulankhula, mawu ake anali apansipansi.

"Kwathu mayi anga anali ndi munda ngati uwu. Mitengo tinadula yonse, mizere tinailozetsa kumunsi monga amachitira aliyense. Panayamba kangalande koti mwana n'kudumpha, ife tinkangoseka. Chaka china mvula inagwa osapuma. Madzi anatsika ndi munda wonse, analowa m'nyumba. Ine ndinali kubusa. Mayi tinakawatola kumchenga, kutali, atafumbata nsanamira ya khonde."

Dailesi anatula ndowa pansi. Nkhani imeneyi anali asanaimvepo.

"Kwa mzungu sindinagwireko ntchito, za makapitawo ndimangomva," anapitiriza Lameki. "Migula ndinaiona kwa nkhalamba ina imene inachita ulesi kugumula yake. Phiri lonse linakokoloka, munda wake wokha unatsala. Tsopano taganiza. Nyumba ya mayi ako ili kumunsi kwa munda uja, ndipo iwe umagona mmenemo. Madzi saiwala khwawa, Dailesi. Ndikagumula, ndiye kuti ndakukwatira kuti ndikakutole kumchenga."

"Nanga bwanji simunawauze amalume zimenezi?"

"Munthu amene dzanja likumuwawa makutu ake samva."

Dailesi analira. Ankamukonda mnyamata wamakaniyu, ndipo ankachita naye mantha. "Inu simukuona. Gerishon za migula alibe nazo ntchito, akufuna ine. Mukumunolera nokha chikwanje."

"Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima."

"Miyambi sitchinga chibonga, a Lameki!"

Lameki anaseka, phewa n'kumuwawa, kuseka n'kuthera pomwepo. Anagwira dzanja la Dailesi, lomwe lija la mikanda yoduka.

"Undilonjeze chinthu chimodzi. Akagumula ena, agumule, ndidzaundanso. Koma iwe usadzagwire khasu pamigula imeneyo. Pamudzi pano amene akudziwa chifukwa chake ndiwe wekha. Ukagumula iwe, ndilibenso choundira."

"Ndalonjeza," anatero Dailesi. Analonjeza ndi mtima wonse, monga amalonjezera anthu amene sanaone mawa.

* * *

Anabwera m'mawa mame asanaume, akuimba. Malaya ofiira anazungulira mudzi, zibonga zili m'manja, n'kumagogoda khomo ndi khomo: aliyense akwere kumunda wa a Falesi ndi khasu lake, wotsala ndi kapirikoni. Amayi anasiya phala pamoto. Odwala anadzuka.

Lameki anamupeza akubzala nsenjere pamgula wapamwamba. Sanathawe. Chibonga choyamba chinamupeza kumbuyo kwa mutu, chachiwiri m'nthiti. Atagwa anamupondaponda, wina kumimba, wina kumaso, n'kumukwekweza pansi atamugwira miyendo. Anamumangirira pamsuku umodzi mwa imene anakana kudula, ndi chingwe chake chomwe cha khonje. Magazi ochokera pachipumi anatseka diso limodzi, ena ankatuluka m'khutu.

Dailesi ankakuwa, koma a Falesi anamugwira m'chiuno ndi mphamvu zonse. "Khala chete, mwanawe, atitha tonse!"

Gerishon anakwera pamgula, anatukula chibonga, n'kuyamba kutchula zoipa za atsamunda kuti mudzi uzikane monga pamsonkhano wa chipani.

"Chitaganya!"

"Ziii!" unayankha mudzi.

"Malimidwe!"

"Ziii!"

"Abale, atsamunda anapita koma anasiya mazira. Dzira lina ndi ili, laswera pakati pathu. Lero chingwe, mawa chikoti, mkuja mzungu wabwerera. Ndatumiza kale mawu kuboma. Lole ikubwera kudzamutenga, akafotokoze bwino kumene zimafotokozera zigawenga zinzake."

Mudzi unazizira. Lole imeneyo aliyense ankaidziwa. Mwa onse amene anaikwera, palibe anabwerako kudzasimba kuti kuli bwanji.

A Zefaniya anadzuka mwamantha. "Gerishon, mwana wanga, ine ndinati agumule basi. Za lole sindinanene."

"Khalani pansi, madala. Nkhaniyi yachoka m'manja mwanu."

A Zefaniya anayang'ana dzanja lawo, n'kukhala pansi.

Gerishon anapita pamsuku n'kutukula chibwano cha Lameki ndi nsonga ya chibonga. "Mtolandowe, ugumula kapena sugumula?"

Lameki analavula magazi. "Kumunsiku kuli nyumba."

"Ndati ugumula?"

"Sindigumula."

"Masulani dzanja lakelo."

Anamasula dzanja lamanja, analikokera pachitsa chapafupi, mnyamata wina n'kuliponda pamkono kuti lisasunthe. Wina anatukula chibonga. A Zefaniya anabuula ngati dzanjalo ndi lawo, n'kufunda kumaso ndi malaya. Dailesi anapulumuka m'manja mwa mayi ake n'kukagwa pamapazi a Gerishon.

"Ayi! A Gerishon, ndagwira mwendo, ayi!"

Gerishon anaimitsa chibonga ndi chala chimodzi. Anadzutsa Dailesi mwaulemu ngati mlamu, anapita naye pambali, n'kuika pakamwa pake pakhutu la mtsikanayo.

"Ukufuna akhale ndi manja? Ukufuna lole ibwerere yopanda kanthu? Tenga khasu. Uyambe ndiwe kugumula, anthu aone kuti banja la a Falesi mulibe kapirikoni. Koma ukakangomuuza kuti ndakuuza ndine, lole sinaiwale njira."

Dailesi anayang'ana dzanja lili pachitsa. Linali dzanja lomwe linamupatsa chitini. Anagwedeza mutu kuvomera.

Lameki sanamve kanthu, m'makutu mwake munkangolira. Ndi diso limodzi lotsalalo anaona pakamwa pa Gerishon pali pakhutu la Dailesi. Anaona Dailesi akuvomera. Anaona akulandira khasu.

Khasu loyamba linalowa mumgula, dothi n'kugumuka, mapesi ovunda n'kutulukira kunja.

"Dailesi!" anakuwa Lameki. "Dailesi, unalonjeza!"

Dailesi sanacheuke. Ankadziwa kuti akangocheuka khasu ligwa, ndipo khasu likagwa chibonga chitsika. Anagumula, misozi ikusakanikirana ndi thukuta, mano atalumana. Gerishon anayambitsa nyimbo, ndipo mudzi wonse unalowa m'munda ndi makasu, ena mokondwa, ambiri mwamantha. Amayi aja ankazima zikuni mobisa ndiwo ankaimba mokweza kuposa onse. Nkhwangwa zinalira, misuku inagwa umodziumodzi ndi zipatso zake zosapsa. Dzuwa lisanafike pamutu, ntchito ya chilimwe chonse inali itasanduka fumbi lofiira. Mtengo unatsala umodzi wokha, umene panali Lameki.

Atamumasula anagwa chafufumimba. Dailesi anataya khasu n'kuthamangira pomwepo. Bala la pachipumi linkatuluka magazi ngati kasupe. Anayang'ana uku ndi uku kufuna kansalu koti amange, ndipo patsogolo pake panatulukira dzanja litagwira nsalu.

"Nayi," anatero Gerishon mofatsa.

Dailesi sanayang'ane n'komwe. Anaitsomphola ndi manja awiri, ali chigwadire.

Nthungululu inalira. Anali azakhali a Gerishon, atakonzekera kale lilime.

"Walandira! Mwana walandira!"

Apa m'pamene Dailesi anayang'ana m'manja mwake. Unali mpango wobiriwira wa maluwa oyera.

"Ayi! Ine ndimafuna kumanga bala! Nonse mwaona kuti ndimafuna kumanga bala!"

"Tonse taona," anatero Gerishon mokweza. "Manja awiri, atagwada, pamaso pa amalume ake. A Zefaniya, mwaona kapena simunaone?"

Malaya ofiira onse anacheukira kwa a Zefaniya. Nkhalambayo inayang'ana pansi.

"Ndaona," inatero.

Dailesi anaponya mpangowo kutali ngati wagwira njoka, n'kufuna kutukula mutu wa Lameki. Lameki anakankha dzanja lake.

"Usandikhudze," anatero, mawu akutuluka ndi magazi. "Wagumula. Walandira. Chatsala n'chiyani?"

* * *

Madzulo Dailesi anatereka madzi, anathiramo mchere, n'kupita nawo kugowelo kumene Lameki ankagona. Chitseko chinali chotseka. Pachulu chapafupi panali patakhala mnyamata wa malaya ofiira akudya nzimbe, maso ali pa iye.

"A Lameki," anaitana atagwada pakhomo. "Ndabwera ndi madzi otentha."

Chitseko sichinatseguke.

"A Lameki, mabala akapanda kuthowa atukusira. Tsegulani, chonde."

Mkati munamveka kutsokomola, kenako mawu. "Anakuuza chiyani pakhutu?"

Dailesi anacheukira kuchulu. Mnyamata uja anali atasiya kutafuna. Mawu onse anali pakhosi, okonzeka kutuluka: dzanja lanu, lole, moyo wanu. Anawameza.

"Palibe."

"Palibe? Munthu akunong'oneze palibe, iwe n'kuvomera ndi mutu?"

"Ndati palibe, a Lameki."

"Chibonga ndinachimva, koma chinawawa pang'ono. Khasu lako ndi limene landithyola. Ndinakuuza za mayi anga, Dailesi. Palibe wina ndinamuuzapo."

"Mudzamvetsa tsiku lina."

"Ndamvetsa kale. Mpango ndi wokongola, nachesi amachedwa kubereka. Pita, madzi ako azizira."

Anasiya mphikawo pakhomo n'kubwerera kwawo akulira mosabisa. A Falesi anamulandira pakhonde, anamugoneka pamiyendo ngati khanda.

"Ndinaona, mwana wanga. Sindinamve mawu, koma ndinaona. Wamusiyira manja ake."

"Ndiye kamuuzeni, amayi! Ine andiletsa, kamuuzeni ndinu!"

"Ine ndilowe m'gowelo mwa mkamwini? Malaya ofiira ali pachulu? Pirira. Kukacha mtima wake ukhala utatsika, tipeza njira."

* * *

Kunacha ndi mitambo yakuda itakhala pamapiri, mphepo ikununkha mvula yoyamba. Dailesi anatsuka mbale zadzulo maso atatupa, ndipo monga mwa masiku onse ananyamula madzi otsalawo kupita nawo kuseri kwa khitchini.

Pamene panali nachesi panali dzenje.

Anaima, beseni lili m'manja. Ikanakhala mbuzi, ikanabudula masamba n'kusiya tsinde. Akanakhala Gerishon, akanauzula ndi dzanja limodzi, kuuthyola pakati n'kuuponya pabwalo kuti aliyense aone. Koma dzenjeli linali lozungulira bwino, lokumbidwa patalipatali kuti muzu ngakhale umodzi usaduke. Mtengo unachoka ndi chibuma chake chonse. M'mphepete munali madontho a magazi. Anayang'ana pampanda, ndipo chitini chadzimbiri chija panalibe.

Pamudzi ponse munthu wozula mtengo motero anali mmodzi yekha. Ndi nthiti zothyoka, ndi diso limodzi, anagwada pamenepo n'kukumba mosamala kuti kamtengoko kasamve kuwawa. Chikole chake anachichitira chifundo chimene sanamuchitire Dailesi.

Anathamangira kugowelo. Chitseko chinali pululu, mphasa itapindidwa, mphika wa madzi amchere uli pomwe anausiya, wodzaza. Anayang'ana njira yotsikira ku Chifunga. Munalibe munthu.

Anabwerera akukoka miyendo. Beseni linali pomwe analitula. Analitola n'kuthira madziwo m'dzenje lopanda kanthu, chifukwa manja ake sankadziwa kwina kowathira.

"Odi! Odi kuno kwa a Falesi!"

Anali mawu a amuna achikulire, kutsogolo kwa nyumba. Anasuzumira pangodya ya khitchini. Amalume a Gerishon ndi mnzawo anali ataima pabwalo atavala majekete a tchalitchi, ndipo azakhali a nthungululu aja anali atanyamula mpango wobiriwira, wochapidwa, wopindidwa bwino. A Zefaniya ankabwera pambuyo pawo, dzanja lopindika atalibisa m'thumba.

"Dailesi," anaitana a Falesi. "Yala mphasa, kwabwera alendo."

Dontho lalikulu linamugwera pamkono, lina pachipumi. Dailesi anakweza maso. Kumtunda kwa nyumba munda unali lambalamba, wofiira, wofewa, wopanda mgula ngakhale umodzi, ndipo anaufewetsa ndi manja ake omwe. Mvula inali itayamba kale kutsika phiri.